Ngodya 6 za Chipale Chofewa: Mbiri ya Kafukufuku Wake

Chipale chofewa, chimene ena amachitcha sinowo, ndi madzi oundana amene amagwa kuchokera m'mitambo ali tizidutswa topepuka, toyera mbee ngati thonje. Chimagwa chaka ndi chaka m'maiko ozizira monga Canada, Russia, Japan ndi Sweden, ndipo mu Africa chimapezeka pamwamba pa phiri la Kilimanjaro, m'mapiri a Atlas ndi m'mapiri a ku Lesotho. N'chosiyana ndi matalala, amene ndi madontho oundana mosanjikizana m'mitambo ya mvula yamabingu mpaka kulimba ngati miyala. N'chosiyananso ndi chisanu chimene chimayala pa udzu m'mamawa nyengo yozizira kumalo okwera ngati ku Nyika, chifukwa chisanucho chimapangikira pansi pomwepo. Chipale chimakulira mumtambo, pamene nthunzi ya madzi ikusanduka ayezi mwachindunji, osayamba yakhala dontho.

Kachidutswa kamodzi nthawi zambiri sikapitirira mamilimita 5 m'lifupi. Kakagwera pa nsalu yakuda, munthu n'kukayang'anitsitsa kasanasungunuke, kamaoneka ngati kanyenyezi ka nthambi 6 kapena kambale ka ngodya 6. Maonekedwe amenewa anadzutsa mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, n'chifukwa chiyani ngodya zimakhala 6, osati 5 kapena 8? Lachiwiri ndi lakuti, ngati lamulo la ngodya lili limodzi, bwanji tizidutswato timasiyana kwambiri, chonsecho nthambi za kachidutswa kamodzi zimafanana? Kupeza mayankho a mafunso awiriwa kwatenga zaka zoposa 2,000.

Oyamba kuwerenga ngodya

Zolemba zakale kwambiri zotchula ngodya za chipale zinachokera ku China. Cha m'ma 135 Khristu asanabadwe, katswiri wa zolembalemba dzina lake Han Ying anasiyanitsa maluwa a zomera ndi "maluwa" a chipale. Iye anaona kuti maluwa ambiri a mitengo ndi udzu amakhala ndi mbali 5, pamene a chipale amakhala ndi 6. Kuyambira pamenepo, ophunzira a ku China ankaidziwa mfundoyi ngati chinthu chosachita kufunsa. M'zaka za m'ma 1100, Zhu Xi anapereka chifukwa chogwirizana ndi maganizo a nthawi yake, akuti 6 ndi nambala ya madzi, motero madzi akauma ayenera kuonetsa nambala yawo.

Ku Ulaya zinatenga nthawi yaitali kuti wina awerenge ngodyazo. M'zaka za m'ma 1200, Albertus Magnus analemba kuti chipale chimaoneka ngati nyenyezi. Mu 1555, Olaus Magnus, mkulu wa mabishopu wa ku Sweden, anasindikiza ku Rome buku lofotokoza moyo wa anthu a kumpoto, ndipo munali chithunzi cha tizidutswa ta chipale. Wojambulayo anaikamo tina tooneka ngati mwezi, belu, muvi ndi dzanja la munthu, ndipo kanyenyezi ka nthambi 6 kanangosakanikirana ndi zinazo. Anthu amene ankakhala m'chipale miyezi yambiri pachaka anali asanaone kuti m'kati mwa kusiyanasiyana konseko muli lamulo limodzi.

Funso la Kepler

Munthu woyamba kufunsa funso la ngodya 6 m'njira ya sayansi anali Johannes Kepler, katswiri wa masamu ndi zakuthambo amene ankagwira ntchito kunyumba ya mfumu Rudolf II mumzinda wa Prague. Mu 1611 anatulutsa kabuku kakang'ono m'Chilatini kokamba za chipale cha ngodya 6, ndipo anakapereka ngati mphatso ya chaka chatsopano kwa bwenzi lake Johannes Matthäus Wacker von Wackenfels, yemwe ankamuthandiza pa ntchito zake.

Kepler anaganiza kuti chinthu chimene chimachitika nthawi zonse sichingakhale changozi. Pofuna chifukwa chake, anayang'ana zinthu zina za ngodya 6. Anaona kuti timaenje ta m'chisa cha njuchi tili ndi mbali 6 chifukwa maonekedwe amenewa amadzaza malo osasiya mpata, ndiponso sadya phula lambiri. Anaona kuti njere za makangaza zimakhala ndi mbali zophwatalala chifukwa zimapanikizana pokula. Kenako anaganizira mipira yofanana kukula. Mipira yotere ikayalidwa pansi moyandikana kwambiri, uliwonse umazunguliridwa ndi inzake 6. Kodi chipale sichingakhale chopangidwa ndi timipira tosaoneka ta nthunzi toyalidwa chomwecho?

Ganizo limeneli linali pafupi ndi zoona, koma Kepler sanakhutire nalo, poti silinkafotokoza chifukwa chimene kachidutswako kamakhalira kophwatalala. Pomaliza ananena kuti mwina m'chilengedwe muli mphamvu ina youmba zinthu, ndipo nkhaniyi anaisiyira akatswiri a zosakaniza mankhwala. Ngakhale sanapeze yankho, anasiya mfundo yaikulu, yakuti maonekedwe a kunja a chinthu angachokere ku mmene tizigawo take tosaoneka tasanjikirana. M'kabuku komweko ananenanso kuti njira younjikira mipira imene siiwononga malo ndi ija ogulitsa malalanje amaunjikira mulu wawo, pamene mipira imadzaza pafupifupi magawo 74 pa 100 alionse a malo. Umboni wa masamu wa mfundo imeneyi unadzaperekedwa ndi Thomas Hales mu 1998, patapita zaka 387.

Maso, maikulosikopu ndi cholembera

Pambuyo pa Kepler panabwera nyengo yoyang'ana ndi kujambula. René Descartes anaonetsetsa chipale mumzinda wa Amsterdam mu Febuluwale 1635, ndipo analemba zimene anaona m'buku la zanyengo la mu 1637. Ndi maso okha, opanda galasi lokuzira zinthu, anatha kufotokoza timbale topyapyala ta ngodya 6, tinyenyezi, ndi tina tosowa tooneka ngati mawilo awiri olumikizidwa ndi kamtengo pakati.

Mu 1665, Robert Hooke wa ku England anasindikiza Micrographia, buku la zithunzi za zinthu zimene anaziona pa maikulosikopu. Iye anaona kuti tinthambi ting'onoting'ono timaphuka pa nthambi yaikulu mopendekera mofanana nthawi zonse, motsata njira ya nthambi yaikulu yoyandikana nayo. Anaonanso kuti akakuza kwambiri kachidutswa, zilema zake zimayamba kuonekera.

William Scoresby, woyendetsa sitima yosaka anangumi m'nyanja zozizira za kumpoto, anasindikiza zithunzi 96 za chipale mu 1820. Pokhala munthu wolemba za nyengo tsiku ndi tsiku, anaona kuti maonekedwe a tizidutswa amasintha malinga ndi kuzizira kwa tsikulo. Ku Japan, Doi Toshitsura, wolamulira dera la Koga, anakhala zaka pafupifupi 20 akuyang'ana chipale pa maikulosikopu. Ankachiwakha pa nsalu yakuda imene ankayamba waiziziritsa panja. Mu 1832 anatulutsa buku lotchedwa Sekka Zusetsu lokhala ndi zithunzi 86, ndipo zithunzizo zinatchuka mpaka amisiri anayamba kuziika pa zovala ndi pa ziwiya.

Kujambula pamanja kunali ndi vuto lake. Kachidutswa kamasungunuka kapena kuphwa m'mphindi zochepa, choncho wojambula ankajambula nthambi imodzi, zinazo n'kumalizitsa ndi mutu wake. Zithunzi zambiri za nthawiyo zinali zolongosoka kuposa chipale chenicheni.

Mlimi wa ku Vermont

Wilson Bentley anabadwa mu 1865 pa famu ya makolo ake ku Jericho, m'chigawo cha Vermont ku America. Amayi ake, omwe kale anali mphunzitsi, anamupatsa maikulosikopu ali ndi zaka 15. Atalephera kumaliza zojambula zake chipale chisanasungunuke, analumikiza kamera ku maikulosikopuyo, ndipo pa 15 Januwale 1885 anajambula chithunzi chake choyamba chomveka bwino. Ankagwira ntchito m'shedi yopanda moto. Ankawakha chipale pa thabwa lakuda, n'kusankha kachidutswa kamodzi, n'kukanyamula ndi kachitsotso kupita nako pa galasi, kenako n'kukagoneka ndi nthenga. Ankasamala ngakhale mpweya wa m'kamwa mwake kuti usakasungunule.

Pa nyengo zozizira zoposa 40, Bentley anajambula zithunzi zopitirira 5,000. Zoposa 2,000 mwa izo zinatuluka mu 1931 m'buku lotchedwa Snow Crystals, limene analikonza mothandizana ndi William J. Humphreys, katswiri wa zanyengo. Patangopita milungu yochepa, pa 23 Disembala chaka chomwecho, Bentley anamwalira ndi chibayo. Iye ndi amene anafalitsa ganizo lakuti palibe tizidutswa tiwiri tofanana.

Ntchito yake inakumananso ndi otsutsa. Ku Germany, Gustav Hellmann ndi Richard Neuhauss anasindikiza zithunzi zawo mu 1893, ndipo zambiri zinkaonetsa tizidutswa topindika, tothyoka kapena ta nthambi zosalingana. Iwo anadandaula kuti Bentley ankasankha tokongola tokhatokha, ndiponso ankapala m'mbali mwa chithunzi kuti kachidutswa kaoneke koyera pamalo akuda. Bentley sanabise kuti ankachita zimenezi, ndipo ankati cholinga chake chinali kuonetsa kachidutswa mmene kanalili kasanawonongeke. Mkanganowu unaphunzitsa asayansi kuti kanyenyezi kolongosoka bwino ndi kosowa, ndipo chipale chochuluka chimagwa chili chopanda dongosolo looneka ndi maso.

Yankho la funso loyamba

Yankho la funso la Kepler linapezeka patapita zaka 300. Mu 1912, Max von Laue ndi anzake ku Munich anaonetsa kuti kuwala kwa ekisire kukadutsa m'mwala wa kristalo kumamwazika mwadongosolo, n'kusiya madontho pa filimu. William Henry Bragg ndi mwana wake Lawrence anapeza njira yowerengera madonthowo kuti adziwe mmene maatomu akhalira. Mu 1922 Bragg wamkuluyo anafotokoza kasanjidwe ka madzi oundana, ndipo mu 1929 William Barnes anatsimikizira malo a maatomu a okosijeni.

Molekyu ya madzi ili ndi atomu imodzi ya okosijeni ndi maatomu awiri a haidirojeni, ndipo ndi yopindika ngati chigongono, pa madigiri pafupifupi 104.5. Mbali ya haidirojeni imakokedwa ndi okosijeni wa molekyu yoyandikana nayo. Chifukwa cha zimenezi, molekyu iliyonse imatha kugwirana ndi inzake 4: iwiri kudzera m'maatomu ake a haidirojeni, ina iwiri kudzera m'maatomu a haidirojeni a inzakeyo. M'madzi wamba kugwirana kumeneku kumamangika ndi kumasuka mosalekeza. Kukazizira kufika pa ziro, mamolekyu amakhazikika, ndipo kasanjidwe kamene kamalola iliyonse kugwira inzake 4 bwinobwino ndi ka mphete za mamolekyu 6. Mphetezo zimalumikizana m'mbali ngati chisa cha njuchi, ndipo zimasanjikizana ina pamwamba pa inzake.

Apa ndi pamene pamachokera nambala ya 6. Ngodya zimene diso limaona ndi chithunzi chachikulu cha mphete zimene diso silingaone. Kepler analondola ponena kuti chinsinsi chili m'kasanjidwe ka tizigawo, koma mamolekyu a madzi sapanikizana ngati mipira yake ija. Mphete zawo zili ndi mphako pakati, n'chifukwa chake madzi akaundana amatupa ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse, amaswa botolo, ndipo amayandama pa madzi anzake. John Desmond Bernal ndi Ralph Fowler mu 1933, kenako Linus Pauling mu 1935, anawonjezera mfundo yakuti ngakhale maatomu a okosijeni ali m'mizere yolongosoka, a haidirojeni amatha kukhala m'njira zambirimbiri popanda kuswa lamulo la kugwirana.

Mmene kachidutswa kamabadwira

Mtambo ndi khamu la timadontho ting'onoting'ono ta madzi. Timadonthoti sitiundana tikangofika pa ziro. Daniel Gabriel Fahrenheit analemba kale mu 1724 kuti madzi oyera angathe kuzizira kupitirira pamenepo ali amadzi ndithu, ndipo m'mitambo timadontho tina timafika pafupifupi madigiri 40 pansi pa ziro tisanaume patokha. Kuti kadontho kaume msanga pamafunika kambewu koyambitsa. Kambewuko kangakhale kafumbi ka dongo kouluzika ndi mphepo, kapenanso mabakiteriya ena monga Pseudomonas syringae, amene amaumitsa madzi pa madigiri 2 okha pansi pa ziro.

Kadontho kamodzi kakauma, zinthu mumtambo zimasintha. Mamolekyu amachoka mosavuta pa madzi kuposa pa ayezi, choncho mpweya umene uli ndi chinyezi chongokwanira kusunga timadontho umakhala ndi chinyezi chopyola muyezo kwa kaayezi kaja. Nthunzi imayamba kumatirira pa kaayeziko, mpweya n'kuumako, ndipo timadontho toyandikira timaphwa kuti tibwezeretse nthunziyo. Motero kachidutswa kamakula podya nthunzi ya timadontho tinzake popanda kugundana nato. Kanyenyezi kamodzi kakakulu kamatha timadontho pafupifupi 100,000. Alfred Wegener anatchula mfundoyi mu 1911, Tor Bergeron wa ku Sweden anaikuza mu 1933, ndipo Walter Findeisen anaitsimikizira mu 1938. Lero njirayi imadziwika ndi maina awo atatu.

Kufunika kwa kambewu kunaonekera poyera mu 1946. Vincent Schaefer, wofufuza wa kampani ya General Electric ku Schenectady, anaponya chidutswa cha mpweya wa kaboni dayokisaidi woumitsidwa m'firiji imene munali nkhungu yozizira, ndipo nkhunguyo inasanduka tizidutswa tonyezimira tosawerengeka. Pa 13 Novembala chaka chomwecho anamwaza mankhwalawo mumtambo ali m'ndege, pafupi ndi phiri la Greylock ku Massachusetts, ndipo chipale chinayamba kugwa kuchokera mumtambomo. Mnzake Bernard Vonnegut anapeza kuti silver iodide amagwira ntchito yomweyo, popeza kasanjidwe ka maatomu ake kamafanana ndi ka madzi oundana. Umu ndi mmene inayambira ntchito yothira mbewu m'mitambo pofuna mvula.

Nakaya ndi ubweya wa kalulu

Funso lachiwiri, la kusiyanasiyana kwa maonekedwe, linayankhidwa kwambiri ndi Ukichiro Nakaya wa ku Japan, amene anabadwa mu 1900. Iye anali katswiri wa fizikisi pa yunivesite ya Hokkaido mumzinda wa Sapporo, ndipo zithunzi za Bentley zinamukopa. Anayamba kafukufuku wake mu 1932. Iye ndi ophunzira ake anajambula zithunzi zoposa 3,000 ku Sapporo ndi pa phiri la Tokachi, osasankha tokongola tokha, koma kulemba kachidutswa ka mtundu uliwonse ndi kuchuluka kwake.

Nakaya anaona kuti kujambula kokha sikungaulule chifukwa chimene kachidutswa kamakhalira mmene kalili. Panafunika kukalera m'chipinda momwe kuzizira ndi chinyezi zikudziwika. Vuto linali pokakoloweka. Mumtambo kachidutswa kamakula kakuyandama, koma pa ulusi wa thonje kapena wa silika madzi oundana ankangoyanga paliponse ngati mbozi yaubweya. Atayesa ulusi wamitundumitundu, anapeza kuti ubweya wa kalulu uli ndi timfundo totalikirana, ndipo ayezi amayambira pa timfundo tokhato, n'kusiya malo oti kachidutswa kamodzi kakule pakokha. Pa 12 Malichi 1936, m'chipinda chozizira cha yunivesiteyo, munakula kachidutswa koyamba ka chipale kopangidwa ndi anthu.

Posinthasintha kuzizira ndi chinyezi, Nakaya anakonza tchati chimene mpaka lero chimadziwika ndi dzina lake. Kuyambira pa ziro kufika madigiri pafupifupi 3 pansi pake, pamakula timbale topyapyala. Cha pa madigiri 5 pansi pa ziro pamakula tisingano ndi timizati tooneka ngati pensulo ya mbali 6, tina tamphako kumapeto. Cha pa 15 timbale timabwereranso, ndipo m'pamene pamakula tinyenyezi tikulutikulu ta nthambi zambiri. Kukazizira kupyola madigiri 22 kapena 25 pansi pa ziro, timizati timayambanso kuoneka pamodzi ndi timbale tokhuthala. Kuzizira ndiko kumasankha pakati pa kambale ndi kamzati, pamene chinyezi chimasankha pakati pa maonekedwe osalala ndi anthambi. Chinyezi chikachepa kachidutswa kamakula pang'onopang'ono kali kosalala, chikachuluka kamakula mofulumira n'kuphuka nthambi.

Tchatichi chinatanthauza kuti munthu angathe kuyang'ana kachidutswa n'kudziwa mpweya umene kadutsamo. Mawilo awiri olumikizidwa ndi kamtengo, amene Descartes anaona ku Amsterdam, ndi kamzati kamene kanayamba kukula pamalo a timizati, kenako n'kulowa pamalo a timbale, ndipo timbale tiwiri tinaphuka kumapeto kwake. Nakaya ankayerekeza kachidutswa ka chipale ndi kalata yochokera kumwamba. Zotsatira za ntchito yake zinasindikizidwa ndi yunivesite ya Harvard mu 1954, ndipo iye anamwalira mu 1962. Kwawo ku Kaga kuli nyumba yosungiramo mbiri ya chipale ndi madzi oundana yotchedwa dzina lake.

Nkhope zosalala ndi nthambi

Pa kukula kwa kachidutswa pali mphamvu ziwiri zolimbana. Yoyamba imasalaza. Pamwamba pa kaayezi kongobadwa kumene pali malo okhakhala, okhala ndi timaenje tambiri momwe molekyu yatsopano imagwira msanga, ndi malo osalala pomwe imavutika kugwira. Malo okhakhala amadzaza mofulumira n'kutha, ndipo amene amatsala ndi osalala aja. Zotsatira zake ndi kachinthu ka nkhope 8: ziwiri za pamwamba ndi pansi, ndi 6 za m'mbali. Za m'mbali zikamakula msanga pamatuluka kambale, za pamwamba ndi pansi zikamakula msanga pamatuluka kamzati.

Mphamvu yachiwiri imaphukitsa nthambi. Nthunzi imayenera kuyenda mumpweya kuti ifike pa kachidutswa, ndipo malo amene imayamba kuwapeza ndi otulukira kunja, omwe ndi ngodya. Ngodya ikalandira nthunzi yambiri imatalika, ikatalika imalandira yochuluka kuposa kale, mpaka pa ngodya iliyonse pamaphuka nthambi. Kabampu kakaoneka pa nthambiyo, nakonso kamakula m'njira yomweyo n'kukhala kanthambi. William Mullins ndi Robert Sekerka anafotokoza masamu a kakulidwe kotere mu 1963.

Nthambi 6 zija sizilankhulana, ndipo palibe chimene chimaziuza zochita kuchokera pakati. Zimafanana chifukwa zili pa ulendo umodzi. Kachidutswa kamagwa pang'onopang'ono, kawirikawiri osapitirira mita imodzi pa sekondi, kakutengeka ndi mphepo kulowa ndi kutuluka m'malo ozizira ndi achinyezi mosiyanasiyana. Poti n'kakang'ono, kusintha kulikonse kumafika pa nthambi zonse nthawi imodzi, ndipo zonse zimayankha mofanana: zimafutukuka limodzi, zimaonda limodzi, zimaphuka tinthambi limodzi. Kachidutswa kena kamene kadzera njira ina kamalandira zosintha zina, n'kukhala ndi maonekedwe ena. Ulendo ukakhala wa mabampu, kufanana kumawonongeka. Kachidutswa kakagundana ndi timadontho tambiri kamakutidwa n'kukhala kambulunga kofewa, ndipo kukakhala kofundirako, pafupi ndi ziro, tizidutswa tambiri timamatana n'kugwa ngati nthenga zikuluzikulu.

Kulingana kwa mbali m'masamu

Akatswiri a masamu amayeza kulingana kwa chinthu powerenga njira zimene chingatembenuzidwire n'kumaonekabe chimodzimodzi. Kanyenyezi kolongosoka ka chipale kakazunguzidwa madigiri 60, 120, 180, 240, 300 kapena 360, sikasintha. Kalinso ndi mizere 6 imene kangapindidwepo mbali ziwiri n'kugwirizana ndendende: itatu yodutsa m'nthambi, itatu yodutsa pakati pa nthambi. Zonse pamodzi ndi njira 12.

Masamu amaonetsanso kuti kasanjidwe kobwerezabwereza, ngati ka matailosi a pansi, kamalola kuzungulira kwa mbali 2, 3, 4 kapena 6 basi. Matailosi a ngodya 5 zofanana sangayalidwe osasiya mipata. N'chifukwa chake zokongoletsera za chipale za nthambi 5 kapena 8 zimene zimagulitsidwa nyengo ya Khirisimasi sizifanana ndi chilichonse chogwa kumwamba. Komabe tizidutswa ta nthambi 12 timapezeka, ndipo timapangika tinyenyezi tiwiri tikamatana kamodzi katapotoloka madigiri 30. Timbale tooneka ngati ta ngodya 3 timapezekanso, pamene mbali zitatu zakula msanga kuposa zinzake, koma kupendekeka kwa ngodya zake kumatsatabe lamulo la mphete za 6.

Kodi n'zoona kuti palibe tiwiri tofanana?

Yankho limadalira kukula kwa kachidutswa ndi tanthauzo la kufanana. Kachidutswa kamodzi kali ndi mamolekyu ochuluka ngati 1 wotsatiridwa ndi maziro 18, ndipo pafupifupi molekyu imodzi mwa 500 ili ndi okosijeni wolemererapo kuposa wamba. Mamolekyu oterewa amamwazikana mwachisawawa, choncho tizidutswa tiwiri sitingafanane mpaka pa molekyu iliyonse. Kwa tinyenyezi ta nthambi zambiri, ngakhale kufanana kwa pamaso n'kosayembekezeka, chifukwa njira zodutsa mumtambo n'zosawerengeka.

Timbale ndi timizati tosalala, tosakhalitsa mumtambo, timatha kufanana. Mu 1988, Nancy Knight wa ku National Center for Atmospheric Research ku Colorado anapeza tizidutswa tiwiri togundizana tooneka chimodzimodzi pa galasi limene ndege inatolera mumtambo pamwamba pa Wisconsin. Kenneth Libbrecht wa ku California Institute of Technology walera tinyenyezi tiwiri moyandikana m'chipangizo chimodzi, n'kumasintha kuzizira ndi chinyezi kwa tonse nthawi imodzi, ndipo tinakula ngati mapasa. Zimenezi zikutsimikizira kuti maonekedwe amachokera ku ulendo wa kachidutswa.

Pamene kafukufuku wafika

Nakaya anagawa chipale m'mitundu 41. Mu 1966, Choji Magono ndi Chung Woo Lee anafikitsa mitunduyi pa 80, ndipo mu 2013 gulu lotsogozedwa ndi Katsuhiro Kikuchi linaifikitsa pa 121 litaphatikiza tizidutswa ta ku Arctic ndi ku Antarctica. Kudziwa mitunduyi kumathandiza olosera zanyengo, chifukwa maonekedwe a kachidutswa amasintha liwiro la kagwedwe kake ndi mmene kamaonekera pa makina a rada. Kumathandizanso oyang'anira mapiri kudziwa nthawi imene chipale chounjikana chingagumuke.

Sayansi imeneyi imakhudzanso maiko otentha kumene chipale sichifika pansi. Nsonga za mitambo ikuluikulu ya mvula ya dzinja zimafika kumwamba kozizira kwambiri, ndipo mvula yambiri ya m'mitambo yotere imayamba ili madzi oundana amene amasungunuka potsika. Timitambo topyapyala tooneka ngati nthenga, totalikira kumwamba, ndi ta tizidutswa ta ayezi tokhatokha. Bwalo lowala limene nthawi zina limazungulira mwezi kapena dzuwa limapangika kuwala kukalowa pa nkhope imodzi ya kamzati ka mbali 6 n'kutulukira pa ina, ndipo kupindika kwake kumaika bwalolo pa madigiri 22 kuchokera pa mwezi kapena dzuwalo.

Mbali imodzi ya tchati cha Nakaya ikufufuzidwabe, ndiyo chifukwa chimene timbale ndi timizati timasinthanirana pa kusiyana kwa madigiri ochepa chabe. Ofufuza ambiri amaloza ku khungu la madzi oundana. Michael Faraday ananena kale m'zaka za m'ma 1850 kuti pamwamba pa ayezi pamakhala kachikuto kopyapyala kokhala ngati madzi ngakhale kutazizira kupitirira ziro, ndipo zipangizo zamakono zatsimikizira kuti mamolekyu a pamwambawo sakhala okhazikika ngati a m'kati. Kachikutoka kamasintha mosiyana pa nkhope za pamwamba ndi pa za m'mbali kuzizira kukamasintha, ndipo zikuoneka kuti n'kamene kamasankha nkhope yoti ikule msanga. Kuyeza kakulidwe ka nkhope iliyonse pa digiri iliyonse, ndi kukayerekeza ndi zimene makompyuta amawerengera, ndiyo ntchito imene ofufuza a ku Japan, America ndi Ulaya akugwira panopa.